Mwana wanga amatseka makutu, amalira ndi sokosi, kusukulu akuti ndi wamwano. Kodi ndi SPD?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina, ndilifupikitsa. Ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 7. Belu la kusukulu likalira amatseka makutu, kumeta tsitsi imakhala nkhondo, sokosi ndi kalebulo ka kukhosi kwa malaya amalira nazo mmawa uliwonse. Koma mwana yemweyo amadziwombetsa dala pa mipando, amakumbatira anzake mwamphamvu mpaka kuwaliza, kolala ya yunifolomu anaitafuna mpaka kuitha. Aphunzitsi akuti sakhazikika ndipo pamzere amakankha anzake. Akafika kunyumba kanthu kakang'onong'ono kamamuliza ola lathunthu. Bambo ake akuti akusasatitsidwa, chikufunika ndi chikwapu basi. Mnzawo anawauza kuti imeneyi ndi sensory processing disorder, SPD mwachidule, kutanthauza vuto loti ubongo umavutika kusanja zomwe thupi likumva, ndipo pa Facebook aona mabulangete olemera omwe akuti amathandiza. Ndiye akufunsa kuti vutoli lilipodi, atani kunyumba, akawauze chani aphunzitsi, nanga bulangetelo agule?

Mayi, mtima pansi kaye. Zimene mwafotokozazi ife a occupational therapy, omwe timathandiza anthu kuti azitha zochita za tsiku ndi tsiku monga kuvala, kudya ndi kuphunzira, timakumana nazo kawirikawiri ndipo sizikumveka ngati mwano. Mwana wamwano amasankha munthu womuchitira mwanowo, wanuyu akulimbana ndi sokosi. Koma sindinganene kuti ali ndi chakuti pongowerenga uthenga, mwana amafunika kumuona, ndiye zomwe ndilembe apa muzitenge ngati poyambira.

Tiyambe ndi dzinalo poti lili ndi kamkangano kake. Maganizo akuti ubongo wa ana ena umavutika kusanja bwino mauthenga ochokera mthupi anawayambitsa ndi Jean Ayres, katswiri wa occupational therapy wa ku America yemwe ankagwira ntchito ku University of Southern California, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zoti ana oterewa alipo palibe amene amatsutsa. Mkangano uli poti kodi ndi matenda paokha kapena ndi chizindikiro cha zinthu zina. Buku lomwe madokotala ambiri a zamaganizo amatsatira, DSM-5, litatuluka mu 2013 silinaike SPD ngati matenda paokha, koma linaika kumva zinthu mopitirira kapena moperewera ngati chimodzi mwa zizindikiro za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Chaka cha 2012 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linali litalangiza kale kuti dokotala asamathamangire kulemba SPD, ayambe wafufuza autism, ADHD (vuto losakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi), nkhawa, ndi vuto la kayendetsedwe ka thupi lotchedwa developmental coordination disorder. Ine malangizo amenewa ndimagwirizana nawo, olo kuti anzanga ena a ntchito amanyinyirika nawo. Ndaona makolo atagwira dzina la SPD zaka zingapo chifukwa limamveka lopepuka kuposa autism, nthawi yonseyo mwana akuphonya thandizo lomuyenera. Ndiye chinthu choyamba, mupite naye kwa dokotala wa ana. Akamuyeze makutu ngati akumva bwino komanso ngati mulibe madzi kapena mafinya, akamuyeze maso, afunse za kugona, za kudzimbidwa, za khungu ngati limayabwa. Mwana amene khungu lake ndi louma loyabwa amadana ndi sokosi pa chifukwa chosavuta nkomwe, mafuta odzola okha nkhani nkutha.

Tsopano funso lomwe likukuzunguzani mutu, zikutheka bwanji mwana woopa belu ndi kalebulo kukhala yemweyo wodziwombetsa pa mipando? Tinazolowera kuti thupi limamva zinthu m'njira zisanu, maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu, koma pali zina zitatu zomwe pa nkhani iyi ndi zofunika kwambiri. Mkati mwa khutu muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo kuti mutu wapendekeka, ukuzungulira kapena uli phee, imeneyi ndi vestibular. M'minofu ndi molumikizana mafupa muli zina zouza ubongo pomwe pali mkono ndi mwendo komanso mphamvu zomwe ukugwiritsa ntchito, ndi chifukwa chake mumatha kukhudza mphuno mutatsinzina, imeneyi ndi proprioception. Yachitatu ndi interoception, kumva za mkati monga njala, ludzu, mkodzo, kugunda kwa mtima. Njira iliyonse ili ndi mlingo wakewake. Winnie Dunn, katswiri winanso wa occupational therapy wa ku America, anazifotokoza bwino mu 1997, kuti pali ubongo umene umadzidzimuka ndi pang'ono pomwe, pali wina umene umafuna zambiri kuti uzindikire kuti chachitika, ndipo mbali zonse ziwiri mwana wina amachitapo kanthu, kuthawa kapena kusakasaka, pomwe wina amangokhala nkumavutikira mkati. Wanuyu zikuoneka kuti makutu ndi khungu zimamva mopitirira, pomwe minofu imamva moperewera nde amasakasaka zoifinya ndi kuigwedeza. Akamakumbatira mnzake mpaka kumuliza mwina sakudziwa nkomwe kuti wafinya chonchi. Kutafuna kolala nakonso nchimodzimodzi, nsagwada zili ndi minofu yamphamvu ndipo kutafuna kumakhazika mtima pansi, ngakhale akuluakulu mumawaona akutafuna chivindikiro cha bolopeni pa mayeso.

Za kulira kwa kunyumba zija, tayerekezani mwayenda tsiku lonse ndi kamwala mu nsapato koma simukuloledwa kuvula, madzulo munthu nkungokufunsani kuti mwaswera bwanji, yankho lake likhoza kutuluka loipa. Mwanayu wapirira belu, phokoso la mipando, kukhudzana pamzere, fungo la kuchimbudzi, akafika pamalo pomwe akudziwa kuti amakondedwa zonse zimakhuthuka. Sikuti inuyo mukulephera kulera ayi.

Apa ndi pomwe ndikufuna bambo ake amve. Pali kulira kofuna chinthu ndipo pali kulira kwa mwana amene zamukwana mutu. Wofuna chinthu amalira uku akusuzumira ngati mukumuona, mukampatsa kapena akaona kuti sizitheka amasiya. Winayu sasuzumira, olo mumpatse chomwe amafunacho sasiya, pena amadzipweteka, ndipo akamaliza amakhala wotopa kapena wamanyazi. Woyambayo amafunika malire, ndipo mwana wanu nayenso masiku ena azichita zoterozo poti ndi mwana, musamachite kumuopa. Koma wachiwiriyu chikwapu ndi kukalipa ndi kuwonjezera ululu ndi phokoso pa thupi lomwe ladzadza kale. Nthawi imeneyo mawu achepe, zimitsani wailesi ndi TV, anthu ena apatuke, onetsetsani kuti sakudzipweteka, mukhale pafupi basi. Zokambirana zidzabwera akakhazikika, mwina patatha ola.

Musanasinthe chilichonse tengani kope, kwa masabata awiri muzilemba nthawi yomwe zavuta, komwe anali, chomwe chinachitika zisanavute, ngati anagona bwino ndi ngati anadya. Muzilembanso masiku omwe zayenda bwino, ambiri amaiwala zimenezi pomwe ndi momwe muli mayankho. Mudzapeza kuti sizichitika mwachisawawa ngati mmene zimaonekera, mwina ndi masiku a asembule, mwina ndi tsiku lomwe sanasewere panja. Kope limeneli ndi lomwe mudzapite nalo kwa dokotala ndi kwa aphunzitsi.

Kunyumba yambani ndi zosavuta. Malebulo dulani onse, mudule mpaka pa ulusi chifukwa kotsalira kamabaya kuposa lebulo yathunthu. Sokosi azivala motembenuza kuti msoko ukhale kunja. Zovala zatsopano muzichape kangapo asanavale, ndipo ngati nsalu ya yunifolomu ikumukanda avale kamalaya kofewa kothina mkati. Asankhe zovala madzulo osati mmawa nthawi ikutha aliyense akukalipa. Palibe khalidwe labwino lomwe mwana amaphunzira povala sokosi yomupweteka, nde nkhondo imeneyo isiyeni.

Lamulo limodzi lomwe limathandiza pa kusamba, kumeta, kuwenga zikhadabo ndi kutsuka mano ndi ili, kukhudza mopepuka komanso modzidzimutsa, makamaka chakumbuyo, ndi komwe kumawalusitsa ana oterewa, pomwe kugwira kolimba kokhazikika ambiri amakulandira. Ndiye mukamamupukuta ndi tawulo muzikanikiza osati kusisita pang'onopang'ono. Muzimuuza musanamugwire, ndikugwira mutu tsopano. Pometa, mashini amalira pafupi ndi khutu komanso amanjenjemera pa fupa la mutu, timatsitsi nkumagwera mkhosi, zitatu pakamodzi. Yesani sizasi, akhale poyang'ana galasi kuti aziona dzanja likubwera, mumukulunge tawulo mothina mkhosi, muziwerenga limodzi mpaka teni kenako kupuma, ndipo ngati mukupita kometetsa sankhani nthawi yopanda anthu ambiri. Kumeta theka lero theka mawa si mlandu. Mswachi agwire yekha, wofewa, ndipo mankhwala otsukira mano ngati akumuwotcha mkamwa sinthani mupeze osalusa. Zikhadabo muziwenga akangosamba zili zofewa.

Akaweruka kusukulu musamulandire ndi mafunso ndi homuweki. Adye, amwe madzi, avule yunifolomu, apeze mphindi 20 kapena 30 zake. Mumukonzere kangodya kabata, pansi pa tebulo mutaphimba nsalu pamakwana, muike mapilo, koma kangodyaka musadzakagwiritse ntchito ngati kolangira, mukangotero kamodzi sadzapitakonso yekha. Ana ena safuna bata poyamba, amafuna kuthamanga kaye, kope lija likuuzani.

Popeza thupi lake likusaka kufinyidwa ndi kugwedezeka, mpatseni m'njira yosaliza anzake. Ntchito zolemetsa minofu monga kukankha mipando, kunyamula katundu wolingana ndi msinkhu wake, kukolopa, kufinya zovala zochapa, kukwera, kulendewera, kukokana chingwe, kudumphira pa mapilo. Zikhale pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, makamaka asanapite kusukulu ndi asanayambe homuweki. Ndinene poyera kuti umboni wa kafukufuku pa zimenezi si wamphamvu ngati mmene anthu amazikokomezera pa intaneti, koma sizidya ndalama, siziopsa, ndipo mudzaona nokha ngati zikuthandiza. Chomwe ndimachenjeza ndi kuzungulira. Katungwe wopita kutsogolo ndi kumbuyo mofatsa nthawi zambiri amakhazika mtima, koma kuzunguza mwana kumatha kumupatsa nseru ndi chizungulire, ena nkukhala osokonekera kwa maola. Azizungulira yekha, osati wina kumuzunguza, ndipo akayamba thukuta lachilendo, kuyasamula kapena nseru, asiye pompo.

Za chakudya simunatchule, nde ndingodutsapo. Ngati amakana zoterera kapena zosakanikirana, musamukakamize kumeza, muziika kachidutswa ka chatsopano pambali pa zomwe amadya kale, kuchiyang'ana, kuchigwira ndi kuchinunkhiza ndi masitepe kale amenewo. Koma ngati zakudya zomwe amalola zikucheperachepera kapena akutsika sikelo, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Kusukulu tsopano. Mukapita kwa aphunzitsi musakayambe ndi zilembo zitatu zija za SPD, mphunzitsi ali ndi ana ambiri ndipo akangomva dzina la matenda amaganiza kuti mwabwera kudzaikira mwana kumbuyo kapena kudzamuwonjezera ntchito. Kayambeni ndi vuto lomwe iwowo akuliona, kukankhana pamzere ndi kusakhazikika, muwauze zomwe mwapeza mu kope, kenako mupemphe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha kuti muyesere limodzi mwezi umodzi. Mndandanda wa zinthu 15 umathera mu dilowa.

Nditakhala inu ndikanapempha izi. Pamzere aziima kutsogolo kwenikweni kapena kumapeto, chifukwa pakati amakhudzidwa mbali zonse mosayembekezera, ndipo kukankha kuja nthawi zambiri kumakhala kudziteteza, mwana wakumbuyo wangomukhudza pang'ono iye wamva ngati wamenyedwa. Kumapeto ndi bwino koposa poti kumbuyo kwake kulibe munthu. Mkalasi akhale kumphepete kwa mzere wa madesiki, kutali ndi chitseko ndi komwe kuli belu, osati pakati pa gulu. Anthu amakonda kunena kuti mwana wovuta akhale kutsogolo pafupi ndi aphunzitsi, koma kwa ena kutsogolo ndi komwe phokoso lonse la kalasi limawabwerera chakumbuyo osaliona, nde muyese muone. Belu lisanalire amuuze kapena amukodole kuti latsala pang'ono, phokoso lomwe ukuliyembekezera silipweteka ngati lodzidzimutsa. Pa asembule aime kumphepete.

Pa kusakhazikika, m'malo molimbana naye kuti akhale phee, aphunzitsi azimutuma. Kufufuta bolodi, kugawa makope, kunyamula mabuku kupita nawo ku ofesi, kusuntha mabenchi. Kwa anzake zimaoneka ngati udindo, kwa iye thupi lapeza chomwe limafuna. Mapazi ake azifika pansi akakhala pa mpando, ngati akulendewera muikepo kabokosi, mwana amene mapazi ali m'malere amagwedezeka basi. Agwirizanenso kachizindikiro kachinsinsi, kaya kuika kakhadi pa desiki, kotanthauza kuti zandikwana ndikufuna kutuluka mphindi zitatu. Aphunzitsi ambiri amaopa kuti azingotulukatuluka, ndipo sabata yoyamba amaterodi poyesa ngati ndi zoona, kenako zimatsika.

Ndipo chonde, asamamulande buleki ngati chilango. Izi zimandipweteka kwambiri chifukwa mwana amene walephera kukhazikika ndi amene akufunikira kuthamanga kuposa onse, ukamutsekera mkalasi pa buleki mapiriyodi otsatirawo umakhala wadziputira wekha. American Academy of Pediatrics yomwe ija inanenanso mu 2013 kuti buleki isamalandidwe polanga mwana kapena pofuna kuwonjezera nthawi ya maphunziro.

Za kolala, kumuletsa kutafuna sikuthandiza, angosamukira ku pensulo kapena zala. Mpatseni chotafuna chotetezeka, zilipo zopangidwira zimenezi zoveka kumapeto kwa pensulo, kapena botolo la madzi loyamwa. Mikanda, mabatani ndi zivindikiro zing'onozing'ono ayi, zimatsamwitsa.

Zotseka makutu zija zooneka ngati mahedifoni zimathandiza pa asembule, paphwando kapena pamalo paphokoso kwambiri, koma asamavale tsiku lonse. Makutu akazolowera bata lokhalokha amayamba kumva phokoso wamba ngati lalikulu, vuto nkukula. Ndipo mfundo imeneyi ndi ya nkhani yonseyi, cholinga si kumubisa ku dziko lonse. Timachotsa zomwe zilibe phindu ngati lebulo kuti atsale ndi mphamvu zophunzirira kupirira zomwe sangazithawe, pang'onopang'ono, iye ali ndi ulamuliro. Mwachitsanzo mujambule belu la kusukulu pa foni, azilisewera yekha motsitsa, azikweza yekha mmene akufunira. Kumugwira mwamphamvu nkumuika paphokoso kuti azolowere kumangobala mantha.

Bulangete lija, ine ndingati sungani ndalama zanu kaye. Mu 2014 ku UK gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi dokotala Paul Gringras linayesa mabulangete olemera pa ana a autism ovutika kugona, ndipo anapeza kuti sanagone nthawi yotalikirapo, sanagone msanga, ndipo kudzuka usiku sikunachepe, olo kuti ana ndi makolo ambiri analikonda. Ndiye ngati mwana akulikonda palibe choletsa, koma si mankhwala. Ndipo lili ndi ngozi yake, mu 2008 ku Quebec m'dziko la Canada mnyamata wa zaka 9 wa autism anamwalira kusukulu atakulungidwa mu bulangete lotere. Ngati mudzagule, mwana azitha kulichotsa yekha, mutu usaphimbidwe, asakulungidwemo, lisakhale chilango, ndipo khanda kapena mwana wa vuto la kupuma kapena khunyu asaliyandikire. Majekete olemera nawonso, ofufuza awiri a ku Australia, Stephenson ndi Carter, ataunika makafukufuku omwe analipo mu 2009 anapeza kuti palibe umboni woti amathandiza. Njira yopukuta khungu ndi kaburashi yotchedwa Wilbarger nayonso umboni wake ndi wochepa, musaiyambe poonera mavidiyo.

Thandizo lenileni la occupational therapist wophunzira njira ya Ayres ndi losiyana ndi zogulagulazi, mwana amasewera ndi katswiriyo pa akatungwe, zokwera ndi zina, zovuta zikumawonjezeka pang'onopang'ono. Kafukufuku wa Roseann Schaaf ndi anzake wa 2014, pa ana 32 a autism, anapeza kuti omwe analandira thandizoli katatu pa sabata kwa masabata 10 anapita patsogolo pa zolinga zomwe makolo anasankha kuposa anzawo. Ndi kafukufuku wamng'ono komanso wa ana a autism okha, nde sitingamukokere patali, koma akutiphunzitsa mmene mungayezere aliyense amene mukumulipira. Mugwirizane zolinga zooneka ndi maso, avale yekha mmawa osalira, amete tsitsi mpaka kumaliza, akhale pa asembule mphindi 10, muike nthawi ya miyezi iwiri kapena itatu, mudzaonenso. Ngati palibe chasintha funsani chifukwa, ndipo amene akulonjeza kuti amuchiritsiratu mumukayikire.

Pali zina zomwe simuyenera kudikira nazo masabata awiri a kope. Ngati wayamba kutaya mawu kapena luso lomwe anali nalo, ngati akudzimenyetsa mutu kapena kudziluma mpaka mabala, ngati amangoti duu kuyang'ana malo amodzi osayankha olo mumugwedeze, kapena ngati akumeza zinthu zosadyedwa monga dothi, mapepala ndi choko, zomwe pena zimayenda ndi kuchepa kwa ayironi mthupi, pitani kwa dokotala sabata yomweyi. Ngatinso mwaona kuti samva ululu msanga, muzimuyang'ana thupi posamba, ana otere amatha kuyenda ndi bala kapena kupsa osanena.

Pa zaka 7 wafika poti mukhoza kuyamba kumuphunzitsa kunena zomwe akumva. Nthawi yomwe ali bwinobwino muzimufunsa, belu likalira umamva bwanji, pati pamapweteka, ukatafuna kolala chimasintha nchani? Poyamba azingoti kaya, nde mumpatse mawu inuyo, phokoso landikulira, ndikufuna kufinyidwa, ndikufuna kutuluka kaye. Akanena mawu amenewa muzimumvera msanga ngakhale pamene simukuona vuto, kuti aone kuti kulankhula kumagwira ntchito kuposa kudzigwetsa pansi. Bambo ake apatseni gawo la masewera olimbana, kukokana ndi kunyamulana madzulo, mukhale ndi mawu amodzi oti aliyense akawanena masewera aima, mwanayo aphunzirapo pomwepo kuti kufinya kwafika pati ndi pomwe mnzake amayamba kumva kuwawa.